Kalata yotseguka kwa a Nduna: akatswiri athu a mbiri tikuwadziwira kwa eni

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe ndi mbiri ya dziko lathu,

Landirani moni wochokera kuno ku Joni. Ndikulemberani poyera chifukwa njira zina zonse ndayesa. M'zaka ziwiri ndalemba makalata atatu, imodzi ndinachita kupatsira munthu pamanja pa basi ya ku Lilongwe. Ofesi yomwe inalandira, imene sindiitchula pano, inandiyankha kamodzi kokha pa foni kuti nkhani yanga yapita kwa mabwana. Mpaka lero kuli zii.

Ine ndimagwira ntchito pa shopu ya fotokope ku Braamfontein, pafupi ndi yunivesite ya Wits. Tsiku lonse ophunzira amabwera ndi zowerenga zawo kuti ndiwasindikizire ndi kuwamangira. Pepala likamatuluka m'makina maso amagwera pa dzina la wolemba, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuona mayina a kwathu: Mkandawire, Zeleza, Kalinga, Mandala, Chirwa. Tsiku lina mtsikana wina wa Chizulu atamva kuti ndine Mmalawi anasiya kuwerenga ndalama nandifunsa ngati ndili wa kwawo kwa Thandika Mkandawire. Nkhope yake inawala ngati waona m'bale wa mfumu. Ine ndinangoti eya, koma m'mimba munatentha ndi manyazi. History ndinalemba pa MSCE, ndinakhoza bwino, koma dzina limenelo sindinalimvepo m'kalasi.

Mwana wa eni ndiye anandiphunzitsa. Anandiuza kuti Mkandawire anatsogolera CODESRIA, bungwe la akatswiri ofufuza a mu Africa muno, ku Dakar kuyambira 1986 mpaka 1996, kenako bungwe la kafukufuku la United Nations ku Geneva, kenako nakaphunzitsa ku London School of Economics. Boma la nthawi ya chipani chimodzi linamulanda pasipoti ndipo anakhala zaka pafupifupi 30 osaponda kwawo. Anamwalirira ku Stockholm mu 2020. Anthu a m'mayiko a eni amamuwerenga ngati mmodzi mwa anthu anzeru zakuya pa nkhani za chitukuko cha Africa, ife eni ake tikudikira mlendo kuti atiuze.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi amalume anga, mlongo wa mayi.

Amalume analembetsa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, mu 1972 ali mnyamata wa kwathu ku Dedza. Anakwera ndege mpaka Francistown, sitima mpaka kuno, n'kulowa pansi kukumba golide ku Carletonville. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown ndipo aMalawi 74 omwe ankabwerera kumudzi anathera pomwepo. Kamuzu analetsa kulemba anthu, ndipo aMalawi opitirira 100,000 omwe anali m'migodi anayamba kubwerera. Amalume nawo anabwerera, analima zaka zitatu, ndipo Teba, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela, itatsegulanso njira mu 1977 anabweranso. Mu 1988 kunabuka mkangano wa kuyeza anthu athu magazi ngati ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo m'zaka zotsatira anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi. Amalume sanapite. Anatchona, nayamba kusamalira maluwa m'nyumba za azungu mpaka mphamvu zitatha.

Chaka chatha m'nyengo yozizira anali gone m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ku Rosettenville. Amene anakhalako kuno mu June akudziwa chisanu chake. Tinkayatsa mbaula ya parafini, koma utsi wake unkawonjezera chifuwa, ndiye tinkazimitsa n'kuwafunditsa mabulangete atatu. Fumbi la mumgodi linali litadya mapapo. Akakhosomola bedi lachitsulo linkalira, ndipo kuti anene mawu khumi ankapumira kawiri. Pansi pa bedi panali sutikesi yabulauni yomanga ndi lamba. M'menemo munali chitupa chokhala ndi chidindo cha chala, mapepala a malipiro ofiirira ndi ukalamba, chithunzi cha anyamata asanu ovala zisoti pakhomo la komponi, ndi makalata a agogo anga olembedwa ndi mphunzitsi wa m'mudzi. Ine ndinkasanthula mapepalawo kufuna umboni woti akapezeko kangachepe pa chipukutamisozi cha R5 biliyoni chomwe makampani a golide anavomera kulipira odwala matenda a fumbi.

M'masiku omwewo wophunzira wina anabweretsa pa shopu nkhani ya Pulofesa Wiseman Chijere Chirwa, yofotokoza za mavuto a anthu a Teba omwe anabwezedwa kumudzi. Ndinamupempha kuti nane ndisindikize yanga. Usiku ndinakhala pampando m'mbali mwa bedi n'kumawerenga chiganizo chimodzi m'Chingerezi, kenako kuchitembenuza m'Chichewa. Poyamba amalume anangotsinzina. Nditafika pa nkhani ya magazi ija anatukula mutu, nandiuza kuti ndiwatsamiritse kukhoma. Anayamba kundidula mawu, apa kuvomereza, apo kuwonjezera dzina la mnzawo wa ku Ntcheu. Kenako anandigwira pamkono ndi dzanja lozizira nandifunsa kuti: "Ndiye kuti alipo munthu anatilemba? Wa kwathu komwe?" Nditavomera anakhala chete nthawi yaitali. Atatsegulanso pakamwa anati: "Nanga bwanji sizinafike m'chilankhulo chathu kuti tiwerenge tokha?"

A Nduna, funso limenelo ndinalephera kuliyankha, ndipo ndi lomwe ndakubweretserani.

Kuyambira usiku umenewo munthu amene zaka zonse sankakamba za mumgodi anatseguka. Masiku anayi otsatizana anandiuza za chikepe chotsika nacho pansi, za kutentha kwa kumeneko, za nyimbo zomwe ankaimba Lamulungu mu komponi, za mmene uthenga wa ndege ija unawafikira ndi mmene amuna akuluakulu analirira poyera. Ndinajambula mawu awo pa foni yanga. Patatha milungu iwiri foniyo inabedwa pa renki ya matekisi ku Bree. Mu August amalume anatisiya. Tinasonkherana, thupi linayenda pa ngolo yokoka ndi galimoto kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka pa boda ya Dedza. Mawu awo anapita ndi wakuba, ndipo zomwe ndatsala nazo ndi zimene mutu wanga wagwira, zomwe zikufufutika tsiku ndi tsiku. M'kalata yanga yoyamba ija, amalume akadali moyo, ndinapempha kuti munthu wodziwa ntchitoyi adzajambule nkhalamba ngati iwo.

Musandimve ngati ndikudzudzula akatswiriwo. Iwo ntchito yawo anagwira, ena mwa iwo pa nthawi yomwe kulemba chilungamo kunali kuika khosi pampeni. Pulofesa Kings Phiri anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba za mbiri ya Achewa. Owen Kalinga analemba za ufumu wa Angonde ku Karonga. Elias Mandala analemba za alimi a m'chigwa cha Shire. Paul Tiyambe Zeleza anapata mphoto ya mabuku ya Noma mu 1994 ndi buku lake la mbiri ya chuma cha Africa, ndipo pambuyo pake anatsogolera yunivesite ya USIU ku Nairobi. Bridglal Pachai, wobadwira kuno ku South Africa, anathandiza kukhazikitsa phunziro la mbiri pa yunivesite yathu itangoyamba. John McCracken anatha moyo wake pa mbiri ya Malawi natulutsa buku lalikulu mu 2012, lomwe mtengo wake pano ndi malipiro anga a masiku angapo. George Shepperson ndi Thomas Price analemba za John Chilembwe mu 1958, munthu yemwe timamukumbukira pa 15 January chaka chilichonse ndi kumunyamula m'matumba pa ndalama zathu. Ndi angati mwa ife tinawerengako tsamba limodzi la zimenezi? Yunivesite zimafuna Chingerezi, osindikiza ali ku Ulaya ndi ku America, mabuku amathera m'mashelefu a kumeneko. Kuwabweretsa kwa eni nkhani ndi ntchito ya boma, ndiye kuti ndi ntchito yanu.

Chimene chimandiwawa koposa ndi cha kwathu kwenikweni. Dr Yusuf Juwayeyi anakumba pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, pomwe panali likulu la a Kalonga a ufumu wa Maravi. Anafukula mikanda yagalasi, zamkuwa, minyanga ya njovu, ngakhale zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni woti makolo athu ankachita malonda ndi dziko lakutali. Buku lake linatuluka mu 2020. Ine wa ku Dedza ndinaliona koyamba m'manja mwa wophunzira wa ku Braamfontein. Mwana wa sukulu wa ku Mtakataka, amene amadyetsa mbuzi pafupi ndi malowo, adzaliona liti?

Ndipo musanene kuti mbiri yozama singalembedwe m'zilankhulo zathu. Samuel Josiah Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'Chichewa. Yohanna Abdallah analemba za Ayao m'Chiyao mu 1919. Yesaya Chibambo analemba za Angoni m'Chitumbuka. Anthu amenewo analibe kompyuta. Lero tili ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira 1996, tili ndi osindikiza a Kachere ndi a Mzuni Press, tili ndi wayilesi zofika mudzi uliwonse, ndipo pafupifupi aliyense wa ife kuno ali ndi WhatsApp m'thumba. Chikusowa n'chiyani?

Nthawi nayo siili kumbali yathu. McCracken anapita mu 2017. Mu 2019 tinataya Pachai komanso D.D. Phiri, bambo amene analemba za Clements Kadalie, mnyamata wa ku Nkhata Bay yemwe mu 1919 anayambitsa ICU ku Cape Town, bungwe la ogwira ntchito lomwe linagwedeza dziko lino. Mu 2020 Mkandawire ndi Shepperson. Mapepala nawo amafa. Moto unapsereza zolembedwa za boma ku Zomba mu 1919. Laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inapsa mu December 2015. Kuno tinaonera pa TV laibulale ya Jagger ku Cape Town ikuyaka mu April 2021. Zolembedwa za Teba zimasungidwa ku University of Johannesburg, ndipo mapepala okhudza ICU ali ku laibulale ya William Cullen ku Wits, mtunda woyenda pansi kuchokera pa shopu yathu. M'menemo muli mbiri ya makolo athu. Kodi National Archives ku Zomba siyenera kukhala ndi makope ake?

Ndikudziwa kuti thumba la boma ndi lobooka, kuli njala, kuli mankhwala osowa m'zipatala, ndipo sindikupeputsa zimenezo. Ndikudziwanso kuti mwina makalata anga sanafike pa tebulo lanu. Koma mundilole ndikumbutse. Akuluakulu a boma akabwera kuno amatisonkhanitsa mu holo, amatiyamika chifukwa cha ndalama zomwe timatumiza kumudzi, amatiuza kuti boma lili ndi ndondomeko yogwirira ntchito limodzi ndi aMalawi okhala kunja, kuti nzeru za ana a dziko omwe ali kutali zidzabwerera kwawo. Timawomba m'manja, timajambulitsa, iwo n'kukwera ndege. Nkhalamba za Teba nazo zamva malonjezo kuyambira nthawi ya matipate, boma lililonse ndi lake, ndipo ambiri alowa m'manda akudikira. Ndalama mwachedwa nazo. Kodi ngakhale mawu awo tiwasiye akwiriridwe? Timakonda kunena pa misonkhano kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likuuma ife tikuyang'ana.

Pempho langa ndi ili, a Nduna, ndipo ndikulinena ndi ulemu wonse koma mosabisa mawu. Itanani akatswiri athu a mbiri omwe akadali moyo, a ku Zomba, a ku Mzuzu ndi omwe ali kutsidya kwa nyanja, mukhale nawo pansi asankhe okha mabuku ndi nkhani zoyambira. Boma likambirane ndi osindikiza za chilolezo, lilipire omasulira, zituluke m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao pa mtengo woti mphunzitsi wa pulayimale angathe, zina ziwerengedwe pa wayilesi madzulo. Yambani ndi nkhani ya anthu a m'migodi, poti eni ake atsala ochepa ndipo ambiri maso anachita khungu, akufunika kumva ndi makutu. Ndipo chaka chino chisanathe tumizani ophunzira a mbiri, ngakhale anayi okha, motsogozedwa ndi mmodzi wa akatswiriwa, ndi makina ojambulira mawu, ayende m'maboma omwe Wenela inkalemba anthu kenako abwere kuno. Malo ogona tidzawapezera ife. Ine ndekha ndikudziwa nkhalamba zisanu ndi ziwiri pakati pa Rosettenville, Turffontein ndi Carletonville zomwe zinalowa pansi zaka za m'ma 1970, ndipo awiri mwa iwo akukhosomola ngati mmene ankachitira amalume.

Ndikupempha yankho lolembedwa, lokhala ndi dzina la munthu woti ndilankhule naye ndi tsiku loyambira. Mu December ndikubwera kumudzi kudzaika chiliza pamanda a amalume, ndipo sutikesi ija ndiinyamula pamiyendo mu basi. Ndikatsika ku Lilongwe ndikufuna kudziwa khomo loti ndikagogode ndi manja oti ndikaipereke.

Ine wanu,
Mphwa wa mtchona wa ku Dedza,
Rosettenville, Johannesburg