Tisataye zithunzi za ojambula mongokonda

Akonzi,

Zithunzi za anthu amene ankajambula mongokonda ziyenera kusungidwa ngati mbiri ya madera athu, ndipo tiyambe kuzitolera eni ake adakali moyo.

Taonani za Vivian Maier. Mayiyu ankagwira ntchito yolera ana ku Chicago, koma kwa zaka zambiri ankajambula anthu m'misewu ya mzindawo ndi ya New York. Katundu wake adagulitsidwa pa okishoni mu 2007 atalephera kulipira malo osungirako, ndipo adamwalira mu 2009 dziko lisanadziwe kuti adasiya manegetivu (mafilimu otsukirapo zithunzi) oposa 100,000. Lero anthu amaonamo mmene moyo wa ku Chicago unalili m'ma 1950 ndi 1960. Zithunzizi zidapulumuka mwamwayi chabe.

Kwathu kuno mwayi wotere ndi wosowa. Malume anga adajambula maukwati, mpira wa ana asukulu, msika wakale ndi mabasi a pa boma pathu moyo wawo wonse. Atamwalira tidapeza zithunzi zambiri zitadyedwa ndi chiswe m'sutikesi, zina zitamatana ndi chinyezi. Pa zotsalazo sitidziwa kuti uyu ndi ndani, poti wodziwa mayina anali iwowo. Zimandiwawa mpaka lero.

Ndikupempha a National Archives ku Zomba, a Museums of Malawi ndi a Society of Malawi ku Mandala House kuti aziyendera maboma, kukopera zithunzi zotere pa kompyuta, kulemba mayina, malo ndi chaka, kenako n'kubwezera mabanja zithunzi zawo. Mafumu ndi mipingo athandize kulozera komwe kuli ojambula okalambawa.

Wokhudzidwa,
Kasungu