Mng'ono wanga akudikira kutha kwa dziko ndipo ana wawasiyitsa sukulu

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 41 ndipo nkhani yanga ndi ya mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi. Ali ndi ana awiri, wa zaka 11 ndi wa zaka 6. Mwamuna wake atamwalira zaka zitatu zapitazo, iye anayamba kupita ku kagulu kena ka mapemphero kamene kamakumana kunyumba kwa mtsogoleri wake. Ndisaname, poyamba ndinakondwa. Munthu amene ankangobindikira m'nyumba n'kumalira anayambanso kuseka, ndipo anthu aja ankamuyendera kuposa mmene ife abale ake tinkachitira. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Mtsogoleriyo, amene onse amamutchula kuti Atate, akuti anaonetsedwa m'masomphenya tsiku limene dziko lidzathe. Tsiku loyamba limene anatchula linafika chaka chatha, kunacha, kunada, osachitika kanthu. Ine ndinati basi, maso atseguka tsopano. Ayi ndithu. Anauzidwa kuti mapemphero awo ndiwo anachititsa Mulungu kuleza mtima, ndipo mng'ono wanga anabwerako atalimba kuposa kale. Pano apatsidwa tsiku lina. Makina ake osokera, amene ankadyetsera ana, anagulitsa n'kukapereka ndalama zonse. Ana anawasiyitsa sukulu, ati maphunziro ndi a Babulo. Kuchipatala sapitako. Chilichonse chokhala ndi nambala, kaya chitupa kaya khadi la kubanki, amati ndi chizindikiro cha chilombo, 666 ya pa Chivumbulutso 13. Usiku wonse amakhalira kuonera timavidiyo ta pa WhatsApp ta zivomerezi, nkhondo ndi mizinda ikumira. Kena anandionetsa, mwana wanga anakazindikira kuti ndi kachidutswa ka filimu, koma iye anati ngakhale opanga mafilimu akulosera osadziwa.

Chimene chikundisowetsa tulo n'choti zoterezi zinachitikapo ndipo mathero ake timawadziwa. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, gulu la Joseph Kibwetere ndi Credonia Mwerinde linauza anthu kuti dziko litha pa 31 December 1999, anthu n'kugulitsa katundu wawo. Tsikulo litadutsa, ena anayamba kufunsa za chuma chawo. Pa 17 March 2000 anthu anapsera m'tchalitchi chotsekedwa, mitembo ina inapezeka m'maenje, ndipo onse pamodzi anaposa 700. Za ku Shakahola ku Kenya ndi zadzulodzuloli, mu 2023: otsatira a Paul Mackenzie anauzidwa kusala kudya mpaka kufa kuti akakumane ndi Yesu, ndipo mitembo yoposa 400 inafukulidwa m'nkhalango, yambiri ya ana. Nayenso uja anayamba ndi kuletsa sukulu ndi chipatala. Ndikamawerenga zimenezi ndimaona ngati akunena za m'nyumba mwa mng'ono wanga.

Ndinayesa kulimbana naye ndi Baibulo lomwelo. Ndinamuwerengera Mateyu 24:36, pamene pamati za tsikulo ndi nthawi yake palibe akudziwa, ngakhale angelo. Anandiyankha modekha kuti Nowa anauzidwa kutatsala masiku 7 kuti chigumula chiyambe, nanga Atate angalephere bwanji kuuzidwa? Mayankho onse anawakonzeratu. Pamenepo mtima unandipsa, ndinanena kuti Atate akewo ndi wakuba. Ndinalakwitsa. Anakhala miyezi iwiri osandiyankhula, chifukwa anawaphunzitsa kale kuti abale adzawanyoza ndipo kunyozako ndi umboni woti ali m'choonadi. Ndinangomutsimikizira mawu a munthu uja ndi pakamwa panga.

Pano wayambanso kundiimbira, koma mobisa, ndipo timangokamba za thanzi la amayi. Mwa abale onse ndatsala ndine ndekha amene amandiyankha. Sabata yatha ndinapita kukawaona. Wamng'ono uja anandikokera kuseri n'kundinong'oneza kuti, "Amayi aakulu, mwabweretsa chakudya? Ife tikusala." Linali tsiku lawo lachitatu akusala kudya. Mwana wa zaka 6, Azakhali! Wamkuluyo anandiuza kuti posachedwa onse asamukira kumalo ena akutali kukadikira tsikulo, ndipo mafoni adzawasiya.

Amayi akuti ndimusiye, ndi wamkulu, adzatopa yekha. Amuna anga akuti ndipite kupolisi lero lomwe. Ine ndili pakati. Ndikakanena, iye adzadziwa kuti ndine, foni ija sidzaliranso, mwinanso adzathawa ndi anawo msanga. Ndikakhala chete, ndikuopa kudzawaona ana amenewa pa nkhani za pa wailesi yakanema.

Ndithandizeni. Kodi ndiyambire kwa a zosamalira ana kapena kupolisi, ndipo angachitepo kanthu mayi wa anawo atakana? Kodi pali njira yoti ndiwatenge anawo azikhala kwathu popanda iye kundiona ngati mdani? Nanga akadzaimbanso ndiziyankhula naye zotani, poti za Baibulo zinakanika kale? Tsiku limene akunenalo latsala miyezi iwiri.

Ine wosowa pogwira,
Mayi wa ana atatu