Tsiku lokawaonetsa ana Gold Reef City

Wokondedwa mwana wanga,

Landira moni wochokera kuno kumudzi. Tonse tili bwino, kupatula bondo langa lija. Mvula yoyamba yagwa ndipo munda wa kumtunda tabzala kale. Akundilembera pa foni ndi mlongo wako, choncho mawu ena akapotoka ukafunse iyeyo.

Uthenga wako ndaumva, kuti iwe ndi akamwini mwagwirizana zokawaonetsa ana Gold Reef City, paki ya zokwera ndi zosangalatsa ija ya ku Joni, pa tchuthi chikubwerachi. Ndakondwa kwambiri. Ana aja atopa ndi kumangoonera malowo patali mukamadutsa pa msewu wa M1. Koma tsiku lomwe mwasankhalo, 26 Disembala, ndiye ndakana. Zaka zomwe ndinkagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Joni, woperekeza ana a mabwana kumalo amenewo ndinali ine, chikwama cha zovala kumsana. Ndinawaona malowo pa tsiku lodzaza, ndinawaonanso pa tsiku la phee, ndipo ndalama ya pa geti simathandiza mofanana masiku awiriwa.

Chimene chimapusitsa anthu ndi ichi. Disembala akafika pakati, Joni amaoneka ngati wasamuka. Omanga nyumba ndi mafakitale ambiri amatseka, anthu amalandira bonasi, msewu wa N3 nkudzaza ndi opita ku Durban, wa N1 ndi opita ku Limpopo ndi ku Beitbridge, anzathu obwera kuno kumudzi ali momwemo ndi katundu wawo. M'tauni magalimoto amachepa, ndiye munthu umaganiza kuti kulikonse kuli chimodzimodzi. Iyayi. Otsala ndi ambirimbiri, onse ali pa tchuthi, onse ali ndi kangachepe m'thumba, ana ali pakhomo kusowetsa mtendere, ndipo malo opitako ndi ana ndi omwewo owerengeka. Uonjezerepo alendo odzacheza kwa abale kuchokera ku Mpumalanga, ku North West, ku Lesotho ndi kwina. Onsewo amakakumana pa geti imodzi.

Masiku oti uwathawe ndi 16 Disembala, tsiku lawo lokumbukira chiyanjano, 26 Disembala, masiku onse kuchokera pamenepo mpaka 2 Januwale, ndi Loweruka lililonse, makamaka lotsatana ndi malipiro. Ukumbukirenso lamulo lawo lija, kuti holide ikagwa Lamulungu, Lolemba nalonso anthu sapita ku ntchito. Pa masiku amenewa mzere wa chokwera chimodzi umakhala ngati wa feteleza wa makuponi. Mumaima ola lathunthu dzuwa likuswa mtengo, kuti mwana akwere chinthu cha mphindi ziwiri. Pofika madzulo wakwera zitatu kapena zinayi, akulira ndi njala, iwe ndi akamwini mwayamba kuyankhana mokalipa, ndalama yapita.

Ine ndikuona mipata iwiri. Woyamba ndi masiku apakati pa sabata sukulu zikangotsekera, 16 isanakwane, pamene makolo ambiri akadali pa ntchito. Wachiwiri, umene ndimaukonda, ndi sabata yotsatira Chaka Chatsopano, sukulu zisanatsegulire pakati pa Januwale. Nthawi imeneyo alendo abwerera kwawo, akuluakulu ayambiranso ntchito, ndipo ambiri matumba abooka, akuganiza za yunifomu ndi makope. Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi. Anthu adzakhalapo ndithu, pajatu ndi holide, koma mzere wake umayenda. Ndikudziwa uti amayi, nanga ku ntchito? Pempha tsiku limodzi panopa mu Novembala, abwana asanalandire mapempho a aliyense, ndipo akamwini achite chimodzimodzi. Ngati mwasankha Januwale, matikiti mugule bonasi ikadali m'manja, chifukwa ndikuudziwa Januwale wa ku Joni. Ndalama ya ulendo ikakhala mu foni mpaka nthawi imeneyo idzasanduka nsapato za kusukulu.

Matikitiwo ugule pa intaneti, pa tsamba lawo lenileni, osati kwa munthu wa pa Facebook amene akuti ali ndi otchipa. Pomwepo uonenso kalendala yawo, chifukwa sukulu zikakhala zotsegula pakiyo sitsegula masiku onse a sabata. Koma usanagule, yeza ana. Zokwera zikuluzikulu zimatengera msinkhu, osati zaka, ndipo muyezo wake waukulu ndi mamita 1.3. Wamkulu uja wadutsa kale, koma wachiwiriyu ndikumukayikira. Muimike kukhoma, ulembe ndi pensulo, utenge tepi. Ndinaonapo kamnyamata kena katadikira pamzere mpaka kutsogolo, nkukaimika pa ndodo yoyezera. Kananyang'ama ndi zala za kumapazi, khosi kalitambasula, koma kanaperewera pang'ono pokha. Bambo wake anachonderera, wogwira ntchitoyo anangopukusa mutu, ndipo sanalakwe, chifukwa chitsulo chotchinga pachifuwa chija sichigwira bwino mwana wamfupi. Kanalira mpaka kugona pansi. Mwana ukamuuziratu kunyumba kuti ichi ndi cha chaka chamawa, zako ndi izi ndi izi, amavomera. Chomupweteka ndi kubwezedwa anzake akuona.

Tsikulo mulawire. Amatsegula cha m'ma 9:30, inu mukhale muli pa geti theka la ola nthawiyo isanakwane, ana atadya phala lokwanira. Maola awiri oyambawo ndiwo tsiku lonse. Anthu ambiri akangolowa amaima pa chinthu choyamba chomwe achiona, kujambulana, kugula zoziziritsa kukhosi. Inu musaime. Mugawane: akamwini atenge wamkuluyo alunjike ku Anaconda, ija yoti miyendo imalendewera m'malere, kenako ku Tower of Terror, imene imakukwezera pamwamba nkukugwetsera molunjika m'dzenje la mgodi. Ineyo imeneyo ndinkangosunga zikwama. Iwe utenge ang'onoang'onowo kumbali ya ana. Zazikulu ziyambe pa chifukwa chinanso. Mvula ya ku Joni ya Disembala ndi Januwale ukuidziwa, m'mawa kumacha bwinobwino, cha m'ma 3 kapena 4 mitambo yakuda bii, mabingu, nthawi zina ndi matalala. Ziphaliwali zikayamba, zokwera zazitali amaziimitsa. Amene anasungira chachikulu kumapeto amabwerera osakwera.

Zamadzi zija mukwere masana dzuwa litakwera, kuti zovala ziume msanga, ndipo wamng'onoyo umutengere zosinthira m'jumbo. Zipewa musaiwale, ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Joni ali pamtunda, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, dzuwa lake limaotcha ngakhale kamphepo kakuomba, ndipo zoti khungu lathu silipsa ndi bodza. Nkhomaliro mudye 12 koloko isanakwane kapena itadutsa 2, chifukwa pakati pamenepo aliyense amakhala pamzere wa tchipisi, pamene mizere ya zokwera imafupikako. Chakudya cha m'katimo ndi chodula, choncho mugwirizane za ndalama yake muli kunyumba, ndipo mwana aliyense auzidwe kuti ayisikirimu ndi mmodzi.

Tsopano za kusowa kwa ana. M'chikhamu mwana amasowa iwe ukungotsegula chikwama. Uwaveke malaya a mtundu umodzi wowala, uwajambule pa geti mmene avalira tsikulo, ndipo nambala yako ya foni uilembe ndi bolopeni pa mkono wa wamng'onoyo. Kapepala ka m'thumba kamanyowa. Mukangolowa, uwaonetse yunifomu ya ogwira ntchito, uwauze kuti ukasowa amayi, usathamange, pita kwa munthu wovala chonchi. Musankhenso malo amodzi okumanirana, ooneka paliponse, monga pansi pa chinsanja chachitsulo cha mgodi chija. Foni yako ikhale yodzaza ndi moto ndipo isakhale m'thumba la kumbuyo. Mapepala anu okhalira m'dzikomo muyende nawo monga mwa masiku onse; nyengo ya zikondwerero apolisi amachuluka m'misewu.

Akamwini undiperekere moni mwaulemu, ndipo uwauze mwa nzeru zako kuti kasino ili pafupi pomwepo ndaiona. Ana saloledwa kolowera juga, ndiye sindikuona chomwe bambo wa ana angakatengeko ndi bonasi m'thumba.

Pali chinthu china chomwe chikundichititsa kuumirira tsiku lopanda piringupiringu, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. Chinsanja chachitsulo chija si chokongoletsera. Pakiyo inamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, umene unatsekedwa mu 1971. Golide anapezeka m'derali mu 1886, ndipo mzinda wonse mukukhalawo unamera chifukwa cha iyeyo. Alendo amawaveka chisoti, kuwapatsa nyali, nkuwatsitsa ndi chikepe kukaona njira za pansi. Pamwamba amaonetsanso kathiridwe ka golide wosungunuka, wofiira psuu, m'chikombole mpaka kukhala njerwa. Zimenezi zili ndi nthawi zake ndipo amatenga anthu owerengeka pa ulendo umodzi, choncho ufunse mukangolowa, ufunsenso za msinkhu wa wamng'onoyo. Pa tsiku lodzaza palibe amene amafikako ndi mtima wokhazikika. Ana amakhala akukukoka dzanja kuti tibwerere pamzere, malo athu atilanda.

Ine ulendo woyamba kutsikirako ndinali ndi ana a eni. Chikepe chitayamba kutsika, kuwala kwa kumwamba nkuzimirira, anawo ankakuwa mokondwa, ine ndinagwira chitsulo osayankhula. Pansi pake ndi pachinyezi, madzi akudontha m'miyala, denga lili pafupi ndi mutu. Wotiperekeza anatiuza kuti tizimitse nyali kwa kamphindi, ndipo mdima wake sindinauonepo kwina kulikonse. Pamenepo nkuti tili pamwambamwamba penipeni, poyerekeza ndi komwe anthu ankakumba, makilomita pansi pa nthaka, kotentha koti thukuta limadzaza m'jombo.

Agogo ako aamuna, bambo anga, anagwira ntchito yotereyi. Mgodi wawo sunali umenewo, iwo anali ku Welkom, koma mdima ndi fumbi zinali zomwezo. Analembedwa ndi Wenela, kampani yolemba anthu ntchito za ku migodi, imene dzina lake latsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre, ndipo achinyamata lero amangokwererapo basi osadziwa kuti dzinalo linachokera kuti. Ankawanyamula pa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kuchokera uko pa sitima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nkupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Agogo ako anabwera ndi njinga, bokosi lachitsulo, jekete lolemera losayenerana ndi kuno, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumwalira. Malata a nyumba imene unabadwiramo anagulidwa ndi ndalama imeneyo.

Adzukulu anga akukulira m'dziko limene nthawi zina amauzidwa kuti ndi obwera. Ndikufuna aime pansi pamenepo, chisoti kumutu, iwe uwauze m'Chichewa kuti agogo a amayi awo anakumba nawo nthaka imeneyi. Usawapatse phunziro lalitali, mawu awiri atatu akwana. Mukapeza anyamata akuvina gule wa majombo, muime muonere, uwauze kuti guleyo anayambira kwa anthu a m'migodi. Akafunsa zambiri, uwaimbitse foni kwa ine madzulo, ndidzawasimbira za bokosi lija, pajatu likadalipo, ndimasungiramo mbewu ya mtedza.

Apartheid Museum, nyumba yoonetsa mbiri ya ulamuliro wa tsankho, ili pafupi pomwepo, inatsegulidwa mu 2001, koma musaiphatikize pa tsiku limeneli. Pamenepo tikiti imakuuza kuti ndiwe mzungu kapena ayi ndipo umalowera khomo logwirizana ndi tikitiyo. Za m'katimo ndi zolemera, zosayenera mwana wotopa amene wamatika ndi shuga. Udzapite ndi wamkuluyo payekha tsiku lina.

Potuluka musadikire kuti atseke 5 koloko. Mitambo ikayamba kuda, kapena wamng'onoyo akayamba kupempha kuberekedwa, nyamukani ena onse asanaganize zomwezo, chifukwa mvula ikagwa aliyense amaitana galimoto nthawi imodzi ndipo mtengo wa Uber umakwera. Ana adzadandaula kuti chatsala chimodzi. Chitsale, muli pafupi.

Pa 26 pomwepo khalani pakhomo, muotche nyama, muitane anzanu a kutchalitchi amene sanathe kubwera kumudzi chaka chino. Undiuze tsiku lomwe mwasankha, ndi mmene wachiwiriyo watalikira mukamuyeza, chifukwa mlongo wako akuti wadutsa muyezowo, ine ndikuti ayi. Za feteleza wobereketsa usade nazo nkhawa mwezi uno, ndagulitsa mbuzi ziwiri ndipo thumba limodzi lili kale m'nyumba. Azakhali ako akupereka moni, akuti nsalu ija anailandira.

Undipsompsonere adzukulu anga.

Ndine,
Amayi ako