Tiyese makoko a nshawa ndi zitsononkho pochotsa mtovu m'madzi otayidwa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya madzi oipa amene amatayidwa kuchokera m'magalaja ndi m'malo okonzera mabatire a galimoto ndi a sola muno mu Chipata. Madzi oterewa amatha kunyamula mtovu wosungunuka umene maso sangauone, ndipo mvula ikagwa amatsikira m'ngalande mpaka m'mitsinje ngati Lunkhwakwa, kumene anthu amatunga madzi othirira ndiwo zamasamba m'madimba. Kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini kumapha tizilombo, koma mtovu umatsala momwemo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati mtovu usapitirire mamaikrogalamu 10 (maikrogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa lita imodzi ya madzi akumwa, pakuti ngakhale wochepa umaononga ubongo wa mwana.

Ife a mu Zambia sitifunika kuuzidwa zambiri. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma ana a kumeneko akupezekabe ndi mtovu m'magazi, ndipo mu February 2025 damu la zotsalira za mgodi litagumuka ku Chambishi, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi.

Makina oyeretsera madzi a m'mafakitale ndi okwera mtengo, ndipo mwini galaja yaing'ono sangawakwanitse. Komabe akatswiri a sayansi m'maiko ambiri aonetsa kuti makoko a nshawa, zitsononkho za chimanga, mankhusu a mpunga ndi njere za chammwamba zimakoka zitsulo monga mtovu, mkuwa ndi kadimiyamu n'kuzisunga pakhungu pake. Zinthuzi zikatsukidwa, kuumitsidwa ndi kusinjidwa, madzi amadutsamo pang'onopang'ono, ndipo tizidutswa ta chitsulo timamatirira pa ufawo chifukwa cha mphamvu yokokana imene ili pakati pake. Zikaotchedwa popanda mpweya wambiri n'kusanduka makala, zimakhala ndi timabowo tambirimbiri, motero malo ogwirira chitsulo amachuluka. Madzi a asidi wambiri, monga a m'batire, amafooketsa kugwiraku, choncho amayenera kuyamba athiridwa laimu. Chigawo chathu ndicho nkhokwe ya nshawa m'dziko muno, ndipo makoko amene amangounjikidwa kuseri kwa nyumba nthawi yokolola ikatha sangasowe.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti nkhaniyi ikafalikira mwachisawawa ingathe kupweteka anthu omwe ikufuna kuwateteza. Makokowo sawononga mtovu ayi, amangousunga, ndipo akakhuta amaleka kugwira, madzi n'kumadutsa ali ndi poizoni wake pamene mwini wake akuganiza kuti zonse zili bwino. Tikumbukirenso kuti amayi athu amaotcha zitsononkho ndi makoko kuti apeze phulusa la chidulo chophikira thelele. Chitsononkho chimene chasefa madzi a m'galaja chikalowa m'chidulo, m'khola la nkhumba kapena m'manyowa, mtovu uja wafika m'mbale. Zotsalira zotere ziyenera kusonkhanitsidwa ndi kusungidwa pamalo otetezedwa, kutali ndi zitsime. Ndiponso pasakhale wina woganiza kuti njirayi ndi yoyeretsera madzi akumwa pakhomo. Ntchito yake ndi kuchepetsa poizoni m'madzi otayidwa asanafike kumtsinje.

Pempho langa likupita kwa a bungwe loona za chilengedwe la ZEMA, a khonsolo ya mzinda wa Chipata ndi akatswiri a pamalo ofufuzira za ulimi a ku Msekera, amene akhala akufufuza za nshawa kwa zaka zambiri. Asankhe magalaja ochepa, aikepo migolo yosefera yodzaza ndi makala a makoko, ndipo madzi olowa ndi otuluka aziyezedwa ku labotale kuti tidziwe kuti mgolo umodzi umagwira ntchito kwa nthawi yaitali bwanji usanakhute. Zotsatira zake zilengezedwe pa wailesi m'chilankhulo chathu, pamodzi ndi malo amene eni magalaja azikapereka makala ogwiritsidwa kale ntchito.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Kapata, Chipata