Kalata yopita ku Monkey Bay: za Eagle ndi Ark Royal

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Plymouth, ku England, tilipo, kungoti chisanu chayamba kulowa m'mafupa.

Mwandidandaulira kuti ntchito yaima chifukwa cha pampu imene eni ake analeka kupanga kalekale. Vuto lanulo linagwetsapo sitima zikuluzikulu zankhondo zonyamula ndege, ndipo ziwiri mwa izo, HMS Eagle ndi HMS Ark Royal za Britain, kwawo kunali konkuno pa doko la Devonport.

Zinali za pulani imodzi. Eagle anayamba kuikhoma ku Belfast mu 1942, Ark Royal ku Birkenhead mu 1943, nkhondo ili mkati, maganizo onse ali pa ndege za mapulopela. Pomwe zimayamba ntchito, Eagle mu 1951, inzakeyo mu 1955, kunali kutabwera majeti, olemera komanso otera ndi liwiro loopsa. Apa mainjiniya a nthawi imeneyo ndimawavulira chipewa. Kale bwalo loterapo linali lowongoka, ndege ikalephera kukola waya woiimitsa ndi mbedza yake inkakathera pa chotchinga kapena pa zinzake zoimikidwa kutsogolo. Iwo anangolipendeketsa pang'ono chakumanzere, kuti amene waphonya awonjezere moto, anyamukenso, azungulire, adzayesenso. Nzeru yosavuta chonchi, koma yapulumutsa anthu ochuluka. Anaikanso makina oponya ndege ndi nthunzi yochokera m'maboila a sitimayo, ndi galasi la nyali lomuuza woyendetsa ndege ngati akubwera chapamwamba kapena chapansi.

Eagle anaikonzanso mozama kuyambira 1959 mpaka 1964, bwalo n'kupendekeka madigiri 8.5, radar n'kukhala yatsopano. Mu 1966 zonse ziwiri zinafika kufupi ndi kwathu, zikulondera panyanja kunja kwa Beira kuti mafuta asapite kwa Ian Smith ku Rhodesia. Chaka chomwecho boma la Britain linaimitsa pulani yomanga sitima yatsopano, CVA-01. Zakalezo zinayenera kukokera zokha.

Tsono nazi zimene zimandiwawa. Ndalama zokonzera sitima kuti izinyamula ndege za Phantom zinagwera Ark Royal, imene inakhala m'doko kuyambira 1967 mpaka 1970. Eagle, imene ambiri ankati ndiye inali yolimba thupi ndi makina, anaipumitsa mu 1972, n'kuimangirira pa mtsinje wa Tamar. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali yoguluridwa. Ark Royal ikasowa chitsulo, amakaniko ankakwera bwato kukachotsa pa Eagle, monga mmene minibasi yofera kuseri kwa galaja imayendetsera inzake ya pamsewu. Ndi fakitale iti ikanavomera kusula zipangizo za pulani ya m'ma 1940 chifukwa cha sitima imodzi yokha? Itatsala chigoba, mu 1978 anaikokera ku Cairnryan ku Scotland kukaiphwanya. Ark Royal nayo inamaliza ulendo wake wotsiriza kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo mu 1980 inatsatira kokomweko.

Ine ndimati anasankha molakwika, anadya ya moyo kuti apulumutse yodwala. Koma sindikana kuti popanda Eagle, Ark Royal sikanafika 1978. Ndipo si Angerezi okha: sitima ya Argentina, Veinticinco de Mayo, itasiya kuyenda, zipangizo zake zina zinakathandiza Minas Gerais ya Brazil, popeza zonse zinamangidwa ku Britain pa pulani ya Colossus.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti makina akale amene ali pabwalo panupo musalole kuti apite kwa ogula zitsulo musanawafufuze bwino. Chotsani mavavu, mabelingi, mageji, mulembe chilichonse kumene chachokera, muzipake girisi. Mabuku ndi zojambula zake muzisunge posafika chiswe.

Za pampuyo, jambulani kapuleti kamene kali pambali pake, manambala aoneke, muyezenso shafiti ndi mabowo a mabauti, munditumizire pa WhatsApp. Kuno kuli anthu ogulitsa zipangizo zochotsedwa pa maboti akale, Loweruka ndikawafunsa.

Mundiperekere moni kwa mayi ndi onse kunyumba.

Ine mnzanu wa ku Plymouth