Moto wa osaka mbewa ukutimalizira udzu wofolera

Akonzi,

Ndipatseniko mpata pang'ono ndidandaule m'malo mwa anzanga ambiri kuno kwa Chulu ku Kasungu. Ino ndi nyengo yoti aliyense ali kalikiliki kukonza pakhomo mvula isanagwe, ena akusosa, ena akuumba njerwa, amayi akuzira makonde, alimi a fodya akuthirira nazale m'mawa ndi madzulo, koma ntchito yomwe yatikanika chaka chino ndi kufolera chifukwa udzu kulibe. Wapsa.

Anthu a m'tauni mwina sadziwa kuti udzu umagwira ntchito zingati pakhomo limodzi. Nyumba yogona, khitchini, nkhokwe, khola, mpanda wa kubafa, ndiye kuno kwathu kuwonjezera zigafa za fodya wa bale zomwe zimadya mitolo yambirimbiri, komanso nazale imene imafuna kuphimbiridwa kuti mbewu isapse ndi dzuwa la Okutobala. Amayi amamweta mu Juni ndi Julayi, kumanga mitolo, kusenza pamutu kuchokera kudambo, ina nkuisiya kaye itatsamira pamtengo kudikira ngolo, kenako mnyamata wina angobwera ndi machesi kufuna kuona mauna a mbewa basi zonse phulusa. Mbewa zake zosakwana ndi ndiwo za tsiku limodzi zomwe. Ineyo mbewa ndimadya, sindikuletsa munthu kukumba, koma khasu ndi misampha zilipo, nanga motowo ndi wa chiyani?

Zotsatira zake mwaziona. Munthu amangogula pulasitiki wakuda uja nkuyala pa phaso, pamwamba kuwazawaza kaudzu kochepa kosabisa ndi pulasitikiyo, dzuwa nkumuwamba mpaka kung'ambika, chizimalupsa chikangobwera ndi mphepo yake madzi ali chuu pakhoma, ndipo khoma la zidina likanyowa kumutu silichedwa kugwa. Agogo amene alibe wowakwerera padenga ndi amene amayamba kugona atakhala, mabeseni ali mbwee m'nyumba. Ena amati bwanji osangogula malata, eti malata, ndalama ya fodya yomwe tinalandira ku Chinkhoma inathera ngongole ya feteleza kalekale.

Motowo sukuthera pa udzu pokha. Ife tayandikana ndi Kasungu National Park, ukalowa mmenemo umapsereza mitengo ing'onoing'ono, ndipo m'midzimu phaso ndi luzi tikuzisowa kale, mitengo yambiri inathera mu uvuni wa njerwa ndi m'mabani a fodya. Boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zake mu 2018 poteteza mitengo, koma za moto wa m'tchire kumudzi kuno palibe amene akuoneka kuti zikumukhudza.

Pempho langa lipite kwa mafumu athu, a gulupu ndi nyakwawa. Maliro mumalengeza, za makuponi mumalengeza, lengezaninso kuti wotentha tchire anthu asanatute udzu wawo alipe chindapusa, ndipo chindapusacho chisakhale nkhuku yokadyera kwa mfumu ayi, akamwete mitolo yomwe waotchayo abwezere mwini wake, ngati ndi mwana makolo ake amwete. Ndipo chaka chamawa pofika Meyi mudzi uliwonse ulambule njira zotchinga moto kuzungulira madambo omwe timamwetamo, achinyamata omwewa agwire ntchitoyo.

Wodandaula,
kwa Chulu, Kasungu