Mtengo womangidwa zingwe ku Kanazawa

Wokondedwa mwana wanga,

Uli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, kungoti kuno ku Japan kwayamba kuzizira, zala kuchita kuuma gwa.

Loweruka ndinakwera sitima kupita ku Kanazawa kukaona munda wotchedwa Kenrokuen. Usaganize za munda wa chimanga ayi. M'menemo salimamo chakudya, anthu amangoyendamo n'kumaona mitengo, miyala ndi madzi. Kale unali wa mafumu a banja la Maeda, koma kuyambira 1874 aliyense amalowa.

Ndinakukumbuka nditafika pa mtengo wina waukulu wa paini umene nthambi zake zatambalala mpaka pamwamba pa dziwe. Auimikira milongoti isanu yaitali, ndipo kuchokera pansonga pake patsika zingwe mazanamazana, chilichonse chagwira nthambi yakeyake. Ukaima patali ungayese denga la nkhokwe ya agogo lisanafoleredwe. Eni ake amati yukitsuri. Ukudziwa chifukwa chake? Kuno kumagwa chipale chofewa, choyera chija unachiona pa TV, ndipo cha ku Kanazawa n'chonyowa, cholemera kwabasi. Chikaunjikana panthambi, nthambiyo imathyoka. Ndiye chaka chilichonse pa 1 Novembala abambo ena amakwera pansonga pa milongoti ija n'kumaponya zingwe pansi, anzawo n'kumamanga. Mtengowo inadzala ndi mfumu ina ya a Maeda kalekale, inachita kufesa njere, ndipo mpaka lero akuuchirikiza ngati nkhalamba yoyendera ndodo. Iwe wokonda kukwera mitengo ya mango, kuno akanakutsitsa usanafike n'panthambi yoyamba pomwe!

Ngakhale ndere zapansi amazisamala. Ndinapeza amayi atanjuta, akuzula tiudzu m'nderemo ndi zala, kamodzikamodzi. Ine ndinaponda pambali pang'ono pofuna kujambula nsomba zofiira za m'dziwe, mayi wina n'kungondiyang'ana osanena kanthu. Manyazi ake! Ndinabwerera m'kanjira msangamsanga.

Kulinso nyali yamwala ya miyendo iwiri, wina wautali uli m'madzi, wina waufupi uli pamwala. Ndiponso kasupe wothuvula madzi m'mwamba kuposa msinkhu wa bambo ako, popanda injini kapena magetsi. Madziwo amachokera padziwe lomwe lili kumtunda, ndiye akamatsika amadzikankha okha. Ukawafunse aphunzitsi ako za zimenezi, udzandiuze zomwe ayankhe.

Chithunzi cha mtengo uja ndatumiza pafoni ya amayi ako. Ukachione, kenako upite kuseri ukayang'ane nkhokwe ya agogo, undiuze ngati ndanama. Uwapatse moni agogo, ndipo usaiwale kumwetsa kambuzi kako kaja.

Ndine azakhali ako okukonda.